Moyo Umene Amalume Anabwereka

Kaseti yachikasu ija ndimaikumbukabe, yobenthuka pakona, yonunkha fumbi la nandolo. Amalume anabwera nayo kwathu ku Nkhulambe kuchokera ku Limbe, pamodzi ndi kamakina ka gemu ndi TV yaing'ono yoyendera batire ya galimoto. Ndinali Sitandade 5, nyengo yomenya nandolo.

Gemuyo inali ya asilikali awiri, aliyense ndi miyoyo itatu. Yako ikatha, unkadina batani n'kutenga moyo umodzi wa mnzako. Magemu a pafoni amene ana anga amasewera alibe zimenezo, aliyense amafa yekha. Ine ndimati opanga magemu alibwezeretse batani lija, chifukwa limakuonetsa munthu amene wakhala naye pamkeka.

Amalume ankasewera ngati mbuzi yodula chingwe, kuthamangira komwe kukuchokera zipolopolo. Akafa, ndinkangoona moyo wanga umodzi wazimirira pakona ya TV. "Ndabwereka, mphwanga, ndibweza," ankatero. Kupusa kwanga, ndinkanyadira. Ndinaphunzira kubisala, kudikira, kusamala miyoyo, zala zikunyerenyetsa ndi makoko a nandolo, kuti amalume asasowe pobwereka.

Masana ena tinafika pachipata chomaliza, pomwe tinali tisanafikepo. Amalume anali atanditengera miyoyo iwiri, kenako mwayi n'kuwagwera, anatola iwiri yapadera panjira. Wanga wotsala unatha. Ndinatambasula chala kuti ndidine batani lija, koyamba nyengo yonseyo. Amalume anasolola chingwe changa pamakina, osandiyang'ana n'komwe.

"Ungandiwonongere," anatero.

Anamaliza okha. Anathamanga kukaitana aphunzitsi amene ankakhala pafupi nafe: "Bwerani mudzaone, ndaimaliza!" Za ine sanatchuleko. Zinandiwawa, ndipo ndisaname, zimandiwawabe.

Ndinapita kuseri ndikulira. Amayi ankapeta nandolo, mankhusu atawayeretsa nsidze. Anamvetsera zonse osaimitsa lichero.

"Anati abweza?" anafunsa.

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Eya. Ndiwo mawu awo alongo angawo."

Ndinakwiya, ndinkaona ngati amayi akuichepetsa nkhani yanga. Sindinkadziwa kuti chaka chomwecho amalume anali atabwereka munda wa amayi wa kutsidya kwa mtsinje, womwe unali woti udzakhale wanga poti ndine mwana wamkazi. Mpaka lero akulimamo ndi ana awo.