Ine Pamtunda, Vitumbiko Pamadzi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, amene ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini cha ku Luwawa. Ine ndinali kwathu ku Nkhotakota, sukulu nditamaliza koma kolowera kusakuoneka, ndikungothandiza pa mabwato a eni. Amalume anatumiza uthenga woti kampu ina ya alendo m'mbali mwa damu ikufuna munthu wodziwa madzi. Ndinaseka ndekha. Madzi? Ine amene ndinayamba kusambira ndisanadziwe kuwerenga? Ndinakwera basi mpaka pa Jenda, kenako matola pa lole ya matabwa. Nditatsika ndinazindikira kuti malaya anga akunyanja sanali malaya ayi. Kumeneko mano amaguguda dzuwa lili paliwombo.

Kapitawo wa pakampupo anali a Shaba, munthu wamkulu wosachedwa kulankhula, Chichewa chawo chothira Chitumbuka ngati mchere. Anatilemba awiri tsiku limodzi: ine ndi mnyamata wa ku Manyamula, dzina lake Vitumbiko. Anatiuza mosabisa kuti atiyesa nyengo yonse yozizira. Ikatha, mmodzi adzapatsidwa bwato, aziperekeza alendo pamadzi, ndipo adzamutumiza kukaphunzira zopulumutsa anthu. Winayo adzatsala pamtunda. Ndinamuyang'ana Vitumbikoyo ndipo ndinamumvera chisoni. Madzi ambiri amene anali atawaonapo pa moyo wake anali a pa mjigo.

Ntchito ya pamtunda ndikufotokozereni, chifukwa anthu amaganiza kuti tenti imadzimanga yokha. Umayamba wasesa timitengo ndi zipatso zouma za paini, poti kakatsala kamodzi kokha mlendo adzakuuza m'mawa kuti sanagone. Ukatero umayala lona, n'kulowetsa timapaipi m'mipako yake, khomo kulifulatitsa kumphepo. Zikhomo umazikhoma mopendeketsa ndi nyundo ya mtengo, mutu kuloza kunja, ndipo zingwe suzikunga kwambiri chifukwa mame akagwa zimadzikoka zokha n'kuzula zikhomo. Pamalo osonkha moto umapalira udzu, kuzunguliza miyala, n'kuika ndowa ya madzi pambali. M'nkhalango ya paini moto si wosewera nawo. Kenako pali mgolo wa madzi osamba, wogonekedwa pa njerwa, umene umausonkhezera mbandakucha ndi nkhuni zonyowa, utsi uli tho m'maso. Zimbudzi sindinena.

Alendowo ankandidabwitsa, ndipo ndinkawasirira. Munthu ali ndi nyumba ya magetsi ku Lilongwe, bedi la matiresi, koma wayenda ulendo wonsewo kudzalipira kuti agone pansi. Ife kugona pansi n'kumene tinkathawa.

Koma nsanje yeniyeni inali pa Vitumbiko. A Shaba anandilamula kuti ndimuphunzitse kupalasa, ndipo ndinamuphunzitsa ndi mtima wonse poti sindinkamuopa. Nkhafi ankaigwira ngati khasu. Bwato linkangozungulira malo amodzi, iye akuseka. Kusekako ndiye kunandipha. Mnyamatayo anali ndi mano a mpata ndi Chingerezi chothyokathyoka chimene sankachita nacho manyazi. Ine Chingerezi ndinkachidziwa kuposa iye, koma chinkandikakamira pakhosi. Iye akaona mbalame ankaimika bwato n'kuipangira nkhani pomwepo, kuti imeneyi ikalira ndiye kuti kumudzi kwabwera apongozi. Alendo gwa ndi phwete. Sipanatenge nthawi, aliyense wofika ankafunsa kuti Vitu ali kuti. Wina anamusiyira chipewa, wina magalasi adzuwa. Pazithunzi zawo iye ankakhala pakati. Ine ndikaonekamo ndiye kuti ndinkadutsa kumbuyo nditasenza nkhuni.

Chopweteka china n'choti sanali munthu woipa. Akabwera kuchokera kwawo ankandigawira mbatata ndi mtedza, akunditcha mkulu wake. Ndinkadya, mtima ukuwira. Akanakhala wamwano bwenzi zinandipepukira.

Pagombe, pa nthambi ya mtengo, panali popachikidwa limu yakale, chitsulo cha gudumu la thirakitala, ndi chitsulo choimbira. A Shaba anatiuza ntchito yake sabata yoyamba. Kumapiriko nkhungu imatsika mwadzidzidzi, ngakhale masana, ndipo ikakupeza pakati pa damu sudziwa kumene wachokera. M'mbali zina muli zitsa za mitengo imene inamira. Choncho wa pabwato aziyang'ana phiri la kum'mawa: nsonga yake ikabisika, abwerere. Akachedwa, wa pamtunda aziimba limu kuti mnzake atsate kulira kwake. Koma pali kaimbidwe kake. Ukamenya mofulumira, phokoso limakagunda phiri la tsidya n'kubwerera, ndipo wa pamadzi amamva ngati belu likulira mbali zonse. Umamenya kamodzi, n'kudikira kuti kulirako kufe, n'kumvetsera ngati wezulo wa mnzako ayankha, kenako n'kumenyanso.

Tsiku limene sindiliiwala linali la mwezi wa Julaye, kuyesedwa kwathu kuli pafupi kutha. Kunali kutabwera banja la ku Lilongwe: bambo, mayi ndi ana aakazi awiri. Matenti awo ndinamanga ndine. A Shaba anali atanena m'mawa kuti tsiku limenelo bwato ndi langa, aone mmene ndimachitira ndi alendo. Ndinatsuka bwato, ndinayanika majekete oyandamitsa, mpaka ndinabwereka juzi yabwino kwa amalume. Nthawi yokwera itakwana, kamtsikana kakang'onoko kanagwira dzanja la Vitumbiko n'kunena kuti iko kakwera ndi Vitu basi. Vitumbikoyo anali atakaonetsa dzulo lake mmene amaombera likhweru ndi tsamba. A Shaba anandiyang'ana n'kukweza mapewa. Mlendo ndi mlendo. Ndinawaveka majekete ndi manja angawa, kumanga malamba bwinobwino, n'kukankha bwato. Bambowo anatsala pamtunda akuotcha nyama.

Ndinapita kukawaza nkhuni, ndipo nkhunizo zinaona zakuda. Nditadzutsa mutu, phiri la kum'mawa kunalibe. Ndinathamangira pagombe. Bwato linali kutali, cha ku mabango a tsidya, ndipo ndinkatha kuona Vitumbiko akuloza chinachake m'mwamba, nkhafi ili pamiyendo. Nkhani zake zija. Ndinakuwa, koma mphepo inabweza mawu. Posakhalitsa nkhungu inatsetsereka pamadzi n'kuwameza.

Mtima unagunda, koma ndisaname, mbali ina unadumpha ndi chimwemwe. Ndinati lero ndi lero. Bwato lachiwiri linali pomwepo. Ndinaligwira kuti ndilikokere m'madzi, ndikawatenge, aliyense aone kuti wa madzi ndani pakampu pano. A Shaba anaponda chingwe chake.

"Siya. Mabwato awiri akasochera, mbwenu ndifunefune uti? Gwira chitsulo."

Ndinawauza kuti ine nkhungu ndimaidziwa, ndinakulira pamadzi. Iwo anangoloza limu.

Ndinayamba kuimba. Kumenya, kudikira, kumvetsera. Zii. Kumenyanso. Bambo aja anafika akuthamanga, mpeni wa nyama udakali m'manja, maso ali psu. Ataona kuti ndikumenya modekha anandilusira, amvekere ana awo ali pamadzi ine ndikuimba ngati belu la maliro. Anafuna kundilanda chitsulo. Ndinawakankha ndi phewa osasiya kumvetsera, ndipo a Shaba anawakokera pambali n'kuwafotokozera. Sanamve. Anandinena mawu amene sindingawalembe pano, mpaka anatchula mayi anga.

Kunayamba kuwaza kamvula kozizira. Chitsulo chija chikagunda limu chinkanjenjemeretsa mkono mpaka m'mano. Zikhato zinatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Wezulo anamveka kamodzi chakumanzere, kumene kuli zitsa, kenako anasowa. Apo ndiye mantha anandigwira zenizeni, chifukwa malamba a kamtsikana kaja ndinamanga ndine ndipo ndinkadziwa kuti jekete inali yaikulu pa iko. Dzanja linkafuna kufulumira lokha. Ndinaliletsa. Ndinkadikira mpaka kulira kwa limu kuferetu, ngakhale bambowo anali atagwada pamatope akulira mokweza. Patapita nthawi wezulo anamvekanso, tsopano pakati. Kenako pafupi. Kenako ndinamva nkhafi ikukhuvula madzi mwa chikhasukhasu chija, ndipo mphuno ya bwato inatulukira mu nkhungu.

Anali akuimba nyimbo. Vitumbiko anali atawaphunzitsa kanyimbo ka Chitumbuka kuti anawo asalire, ndipo anafika pagombe akuimbabe, milomo ili gwagwagwa. Bambo aja analowa m'madzi ndi nsapato zomwe, kunyamula ana awo, kenako n'kumukumbatira Vitumbiko. Ankangoti mwana wanga, wapulumutsa banja langa. Mayiwo anamuveka bulangete lawo. Ine ndinali chiimire pansi pa mtengo, chitsulo chitandimatirira m'manja. Palibe anandiyang'ana, kupatula Vitumbiko yemweyo, amene anabwera n'kundinong'oneza kuti, "Yewo chomene, akulu. Ndinasochera." Ndinangogwedeza mutu. Ndikanatsegula pakamwa pakanatuluka zina.

Komabe ndinagona ndi chiyembekezo. A Shaba anaona zonse. Anaona amene anaiwala kuyang'ana phiri, anaonanso amene anawabweza.

Kumapeto kwa mwezi anatiitana tonse kuseri kwa sitolo ya zipangizo. A Shaba anamukalipira kwambiri Vitumbiko za phiri lija, mpaka mnyamatayo anagwetsa misozi. Ine ndinkangoyang'ana pansi kubisa kumwetulira. Atatha anati bwato ndi la Vitumbiko, poti alendo amamukonda, ndipo kuyang'ana phiri munthu amaphunzira. Kenako anatembenukira kwa ine, nkhope yawo ili yokoma ngati akundipatsa mphatso.

"Iwe ndakuona chomene. Wina aliyense akanafulumiza chitsulo chija, bambo uja akumutukwana. Pamtunda ndikufuna munthu ngati iwe. Sindingakuchotsepo."

Ndinathokoza, poti ndinaleredwa. Ndinapita kukasonkhezera mgolo, ndipo tsiku limenelo utsi unandithandiza, chifukwa aliyense ankaganiza kuti ndi umene ukundiliza.

Ndinagwira pamenepo zaka zingapo ndisanapite ku Mzimba boma, kumene ndili ndi kashopu kosoka matenti ndi malona. Vitumbiko anapita kukaphunzira, anabwera ndi satifiketi ndi yunifolomu, ndipo lero ndikumva kuti amayenda ndi alendo mpaka kunja kwa dziko. Tikakumana pa depoti amandigulira fanta, ine n'kumwa, nsanje ili pomwepo. Sinathe ndipo sindikuona kuti idzatha.

Achinyamata amene ndimawaphunzitsa kusoka ndimawauza chimene ndinatola kudamu kuja. Ntchito igwire bwino, inde, pakhoza kukhala moyo wa mwana wa munthu. Koma chimene ukuchifuna uchinene ndi pakamwa, msanga, anthu akumva, poti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ukangokhala chete n'kumapirira, mabwana amakukonda zedi, ndipo amakusiya pomwe wapiririrapo.