Nkhuku Yofiira Popanda Tomato

Kuseri kwa bafa lathu kunali kamtengo kobala zipatso zaminga, mkati mwake muli tinjere tofiira. Atsikana tinkakatcha lipisitiki, poti tinkapaka milomo pamasanje. Bambo ankati ndi poizoni, ngakhale sindinaonepo ndi nkhuku yomwe itafa nato.

Akuchimuna anabwera kudzafunsira mbeta, mbetayo ndine, m'mwezi wa Febuluwale, mvumbi utangoyamba kumene. Pamsika wa Phalombe tomato kunalibe ndi mmodzi yemwe. Mayi anasuzumira mumphika wa nkhuku, msuzi uli mbuu. "Izi ndipereke kwa alendo? Akanene kwawo kuti kuno timadya madzi otsukira mbale?"

Anakumbukira kuti mkazi wa aphunzitsi ena obwera anawauzapo kuti kwawo tinjere tija amathira m'ndiwo. Anakatapa dzanja lonse n'kukazinga m'mafuta. Mayi anga mawu oti pang'ono sawadziwa.

Ndiwo zinafiira psuu! Amalume a mnyamata wondifunsirayo, amene anapalasa njinga kuchokera ku Chilwa, anadya mpunga mpaka thukuta kamukamu, akuyamikira tomato wakwathu. Ine ndinali kuseri kwa chitseko. Kenako bambo anaona milomo ya alendo, zala, ndevu, zonse zofiira. M'malo mongokhala chete, munthu wamkulu ndithu, anafuula: "Mayi a mwana, mwathira lipisitiki? Poizoni uja?"

Mayo ine! Amalume aja anataya fupa n'kugwira pamimba. "Tsiku loyamba lomweli mwatidyetsa kale? Nanga mwana wathu akadzakhala pano chikamwini mudzamutani?" Anayamba kufunsa kumene kunali njinga yawo. Ine misozi chuchuchu, ukwati wanga ukutuluka pakhomo ndikuona.

Mayi, amene sankayenera n'komwe kuyankhula pabwalo limenelo, anatulukira ndi chipatso chija m'manja. Anachiswa, n'kukhuthulira tinjere tonse m'kamwa, n'kumatafuna akuwayang'ana alendowo m'maso. Kenako anakhala pansi n'kutambalala.

"Dikirani ndiyambe ndafa ine, munyamuke bwino."

Tinadikira. Bambo mpaka anavula chipewa. Mayi anangogeya.

Amalume aja anawayang'anitsitsa, kenako anakokera mbale ya nkhuku ija pafupi.

"Mwana wathu abwera," anatero. "Koma akadzalakwa pakhomo pano asadzathawire kwa ine. Amayi awa ine sindingalimbane nawo."