Giya Yachitatu ya Amalume

Amene anandilakwira ndi amalume anga a Bonifasi, mlongo wawo wa amayi, ndipo anandilakwira ndi dzanja lamanzere lokha basi.

Ndikukumbukira tinkakhala pakomboni ya purazi ina ya fodya, kunena kuti esiteti, kunja kwa Chinhoyi, ine ndili giredi sikisi. Bambo anali telala, koma kumunsi kwa damu analinso ndi kadimba ka matimati ndi repu. Matimatiwo ankawolera m'madengu tikudikira lole ya purazi. Ndiye amalume atatulukira kuchokera ku Mutorashanga ndi pikapu yabuluu, chitseko chakumbuyo chomanga ndi waya, bambo anangoti Mulungu wayankha.

Tinakaiyesa mumsewu wafumbi wodutsa kumabani a fodya. Amalume pachiwongolero, bambo kuwindo, ine pakati, ndodo ya giya ikundigunda bondo. M'katimo munkanunkha dizilo ndi makoko a malalanje. Amalume anasimba za kumigodi, anaimba, analizira hutala atsikana otola fodya, koma dzanja lamanzere silinachoke pagiya. Ankangoisisita ngati mutu wa mwana.

"Alamu," anatero, "iyi ndi galimoto ya pachibale. Mlendo sindikanamugulitsa."

Pamenepo pokha ananena zoona.

Bambo analipira, ndipo amalume atangokwera basi, pikapu inaonetsa khalidwe lake. Ukaika giya yachitatu n'kuchotsa dzanja, inkangoti tho! kudzichotsa yokha, injini n'kulira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Pa yachiwiri ankatipitirira ndi a njinga omwe, yachinayi inkafera mumchenga. Chiwongolero nacho, pikapu ikasenza katundu, chinali cholimba, chofuna manja awiri. Bambo anayesa kumanga ndodoyo ndi mphira wa tchubu. Mphira unaduka n'kuwakwapula khutu. Kuibweza? Ayi. Kwathu mkamwini sakangana ndi mwini mbumba, ndipo amayi anangoti, "Ndi achimwene anga, musandichititse manyazi."

Ndiye mphira watsopano ndinali ine.

Tsiku la msika likakwana, yunifolomu inkatsala pamsomali. Bambo akaponda kilatchi n'kukuwa kuti "Gwira!", ine ndinkaikankha ndodo ija ndi manja onse, miyendo yotsamira pansi, mano akugundana mpaka titafika pa tala. Poyamba ndinkanyada, ndisaname. Anzanga akuyenda wapansi kupita kusukulu, ine ndikuwathira fumbi, pobwerera ndili ndi banzi kutsaya. Koma mawa lake m'kalasi dzanja linkanjenjemerabe, pensulo n'kumavina yokha. Aphunzitsi anayamba kundilonjera kuti "Alendo athu, mwayenda bwanji?" Mnyamata wina anandipatsa dzina loti Giya. Ndinamugwetsera mungalande, chifukwa ine mtima wapachala ndinabadwa nawo, koma dzinalo silinachoke. Mayeso a giredi seveni anandifunsa zinthu zomwe anzanga anaphunzira ine ndili panjira ya ku Chinhoyi. Sukulu inathera pomwepo.

Masiku ano zinthu zasintha. Magalimoto ambiri amasintha okha magiya, ndipo mwana wanga anandifunsapo kuti kilatchi ndi ndiwo yanji. Pikapu ija inatsirizira moyo wake kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Bambo anamwalira osanenapo kanthu kwa alamu awo. Inenso ndinali nditakhala chete, mpaka pa ukwati wa mlongo wanga Esinati.

Amalume anafika atavala suti, anapatsidwa mpando wakutsogolo monga mwini mbumba, n'kuimirira kuti alangize ana. Analankhula za ubwino wa sukulu. Kenako anandiloza ndi dzanja lomwe lija, lamanzere.

"Musakhale ngati mphwangayu. Mutu wouma, sukulu inamukana."

Anthu anaseka. Amayi anandikoka malaya, koma ndinali nditaimirira kale. Chisoti ndinavula, poti ulemu anandiphunzitsa.

"Amalume," ndinatero, "sukulu sinandikane ayi. Dzanja loti ligwire pensulo linali kugwira giya yachitatu yomwe inu munaisiya. Tsiku lija mukadangochotsa dzanja pagiya n'kukanda m'mutu kamodzi kokha, bwenzi lero ndili mphunzitsi."