Nsalu Yakuda ya Amayi

Tsiku limenelo tinalipo anayi: ineyo, mwana wanga wokhala ku Balaka, mayi wina wa kumyuziyamu kosungira zovala zakale, ndi dalaivala wawo amene sanatsike n'komwe m'galimoto. Pamiyendo panga panali nsalu yakuda ya malemu amayi anga. Chimwalirireni akazi anga, m'nyumba muno chondidziwa kuyambira ubwana chatsala ndi nsalu imeneyi basi.

Mayi wa kumyuziyamuyo anali atabwerapo kale, nadula kaulusi kakang'ono kukapima kumakina awo. Tsopano anadza ndi yankho, komanso pempho lakuti nsaluyo apite nayo akaisunge. Ine ndinakana mokweza, moti ndikhulupirira ndi a kumsika kwa Nsanama omwe anamva. Sukulu sindinapite nayo patali, eya, koma za nsalu iyi palibe angandiphunzitse. Ndinalipo ikudetsedwa!

Chinali chilimwe, ine ndili kamwana, tikukhala kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Abambo anali kuntchito ku Halale. Amalume anabwera kuchokera komweko, nakhala ndi amayi kuseri kwa nkhokwe, kumayankhula motsitsa. Ine anandithira shuga m'manja nkundiuza kuti ndikasewere. M'mawa mwake amayi anatenga nkhwangwa, nakasenda makungwa a mombo. Anawaphika mumtsuko wobenthuka kukamwa, fungo lowawa lili thoo pabwalo ponse. Ulendo woyamba kudambo anapita okha. Nsaluyo ine ndinaiona itathimbirira kale.

Kuyambira pamenepo ntchito inali yomweyo. Kuiphika m'makungwa, kukaikwirira m'matope onunkha a kudambo, kuifukula, kuichapa, kuiphikanso. Manja awo anada mpaka m'zigongono. Anzanga ali kunyanja ndi mbedza, ine ndili pachulu ndekha, kuyang'ana msana wa amayi. Sankaimba. Ngakhale kundikalipira anasiya, ndipo chimenecho ndicho chinkandiopsa. Kwa ine nsaluyo inali itada kalekale, koma ndikawauza ankangoiyang'ana padzuwa nkunena kuti, "Iyayi, siinade."

Moyo wanga wonse ndakhala ndikudzitama nayo, kuti amayi anga anatenga bafuta woyera nkumudetsa kuposa nsalu ya m'sitolo.

"Agogo, simunaname," anatero mayi wa kumyuziyamu. "Makungwa tawapezamo, chitsulo cha m'matope tachipezamo. Ziwirizi zikakumana ndiye zimadetsa. Koma taonani apa."

Anandionetsa chithunzi cha kaulusi kaja, atakakulitsa ngati chingwe chomangira ng'ombe. Kunja kwakuda bii. M'kati mofiira psuu.

"Uwu ndi utoto wa kufakitale. Nsaluyi siinali yoyera ayi, inali yofiira."

Ndinafuna kuwatsutsa, koma pomwepo ndinakumbukira. Nsalu yofiira ndinkaidziwa. Abambo ndiwo anaitumiza, amayi nkuivala pa chikondwerero cha Idi, nayenda nayo mudzi wonse akuseka. Itasowa, ine ndinkati akuba. Abambowo sanabwerenso, ndinadzamva ndili ndi ndevu kale kuti anakwatira komweko. Nanga mwana akanadziwa bwanji kuti mkazi wa nsalu imodzi sangaitaye, sangaiotche, komanso sangaivale momwe inabwerera?

Mayi wa kumyuziyamu uja anati chitsulo chomwecho chikudya ulusi pang'onopang'ono, ndipo ndi chinyezi cha m'nyumba mwanga nsaluyo siikhalitsa. Ndinaipinda ndekha, ndekha nkuiika m'bokosi lawo. Ndinangowapempha chimodzi: za makungwa ndi matope akauze dziko lonse, koma zofiirazo azisiye m'katimo. Amayi anavutika chilimwe chonse kuti anthu asazione.

Galimoto itapita ndinakhala pakhonde, manja ali pamaondo, opanda chogwira. Kumsewu minibasi ya ku Balaka inali kuitana anthu. Mwana wanga anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, kenaka anawerama nkuyamba kumasula nsapato.

"Ababa, ipite imeneyo. Mphasa ina ija ikadalipo? Lero ndigona konkuno."