Kukawalira a Kopolo ku Thambani

Basi inanyamuka ku Joni Lachiwiri m'mawa, ine nditakhala pawindo, chikwama chili pamiyendo. Tikiti ndinagula marandi 1,600, ndipo kondakitala anandilipitsanso 200 ya bulangete lomwe ndinagulira amayi, akuti likudya malo a munthu.

Ndinkapita kukalira bambo anga. Anali atamwalira miyezi isanu yapitayo ine kulibe. Uthenga unandipeza nditangoyamba ntchito yosamalira mayi wina wokalamba, ndipo ndinaopa kuti ndikachokapo alemba wina. Sindinapite kumaliro. Chiyambire pamenepo, ndikaimba foni amayi ankangoti, "Tili bwino," n'kupatsira achimwene anga a Yohane. Ndinkadziwa kuti andikwiyira, ndipo sindinkadziwa kuti ndikawayang'ana ndi nkhope yanji.

Za ku Zimbabwe ndi ku Tete sindinena zambiri. Kunali kutentha, mizere yodinditsa mapasipoti, ndi miyendo yotupa mpaka nsapato kukana mwini wake.

Lachinayi cha m'ma 8 koloko tinadutsa Zobue n'kulowa pachipata cha Mwanza. Mathiraki anali ndondondo mumsewu, madalaivala akutsuka mkamwa pafupi ndi matayala. Ndisanatsitse n'komwe katundu, osintha ndalama anali atandizinga.

"Randi, sisi! Metikashi! Kuno ndiye kuli reti yabwino!"

Ndinasintha pang'ono. Kenaka ndinakhala pachiwaya n'kudya tchipisi cha K2,500 chothira kabichi ndi tsabola. Wokazingayo anandiyang'ana n'kuseka.

"Inu ndi a ku Joni, eti? Mukudya ngati mukupepesa tchipisicho."

Galimoto ya matola yopita ku Thambani ndinaipeza paboma. Inali pikapu yoyera kale, chitseko chake chomanga ndi waya. Mtengo unali K6,000. Dalaivala anati tinyamuka pompano, ndipo pompanoyo inakwana 11 koloko, atakweza malata, mabelo a shuga, mbuzi imodzi ndi anthu amene sindinathe kuwawerenga. Ndinakhala pathumba la mchere, moyang'anizana ndi mayi wina wonenepa amene ananyamula dengu la manachesi.

Titasiya tala n'kuyamba fumbi, mayi uja anandisendera nachesi.

"Mukutsikira pati, mana?"

"Ku Thambani. Kwa a Kopolo."

Dzina lenileni la bambo anga ndi ochepa ankalidziwa. Anagwira ntchito ya usilikali zaka zambiri koma sanapitirire pa ukopolo, ndipo eni ake ankati mizere iwiri ikwanira, yachitatu imalemetsa phewa.

Mayi uja anasiya kusenda. "Ndinu Lusiya? Wa ku Joni uja?"

Ndinavomera ndi mutu, ndikudikira kuti andifunse chifukwa chomwe sindinabwerere kumaliro. Sanafunse. Anati dzina lawo ndi a Rozita, ndipo anabwera kuno ali kamtsikana, kuthawa nkhondo kwawo ku Mozambique.

"Tinagona patchire masiku anayi, ine ndi amayi anga. Titalowa kuno tinapeza munda wa chinangwa, n'kuyamba kuzula ndi manja. Tikutafuna chachiwisi choncho, tinangoona mwamuna wamtali waima, wavala jombo zausilikali. Amayi anandikumbatira, akuti lero tafa. Iwo anatiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchoka. Pobwerera ananyamula khasu ndi mphika. Akuti, 'Chinangwa sazula choncho, muthyola zala.' Anali bambo anu amenewo, ndipo mwezi usanathe anatidulira mbali ya munda womwewo."

Nkhani imeneyi sindinaimvepo kunyumba. Bambo sankakamba za iwo eni. Sankakambanso za zomwe anaziona pamene ankaperekeza sitima zapamtunda mkati mwa Mozambique nthawi ya nkhondo. Chomwe tinkadziwa n'choti atabwerako sanaphenso nkhuku. Alendo akabwera, mpeni ankapatsa amayi, iwo n'kupita kuseri kwa nyumba kukayang'ana mbuzi zomwe sizinkafuna kuyang'anidwa.

Cha m'ma 12 koloko pikapu inafika pachitunda china chachitali, inakhosomola kawiri n'kuzima. Amuna anatsika kukakankha, koma aliyense ankakankha nthawi yakeyake. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo.

"Akanakhalapo a Kopolo bwenzi titakwera kale! Ankatiimika pamzere ngati pa perete."

A Rozita anaimirira pamwamba pa malata, manja m'chiuno, n'kukuwa ndi mawu okhuthala ngati a bambo: "Wani! Thu! Kankha, waulesi iwe!" Anthu anafa nako kuseka, koma galimoto inayenda. Ine ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kuleka. A Rozita anangondigwira bondo.

Ndi mmene bambo analili kunyumbanso. Ana tonse anayi ankatitcha asilikali awo. Lamulungu m'mawa tinkaima pakhonde kuonetsa zikhadabo ndi kuseri kwa makutu tisanapite kutchalitchi. Wopezeka ndi litsiro chilango chake chinali kuwapesa ndevu, ndiye enafe tinkadzipaka dothi dala. Bambo ankawatcha amayi kuti a Komanda, ndipo powapatsa ndalama ya penshoni ankayamba amenya sawasha. Chaka china amayi atagonekedwa kuchipatala, bambo anandiluka tsitsi okha. Mizere anaiwongola ndi ulusi ngati akulima munda. Kusukulu anandiseka sabata yonse, koma sindinalole munthu kundimasula.

Tinafika pa Thambani 1 koloko itadutsa. A Rozita anandikakamiza manachesi asanu n'kulowera kumsika. Ndinakwera kabaza wa njinga yakapalasa, K1,500, katundu wanga ali panjinga ina. Njira yake ndi yokwera ndi kutsika, moti theka la ulendowo ndinayenda pansi, wakabaza akukankha njinga, tikucheza ngati anthu opita kumunda. Anandionetsa mlatho wamitengo pakamtsinje kena.

"Uwu anatimangitsa ndi bambo anu. Ankabwera ndi wotchi. Ukachedwa mphindi zisanu, unyamula mtengo wekha."

Posakhalitsa ndinaona denga la kwathu. Amayi anali pamkeka pansi pa mtengo wa mango, akusenda mtedza, atavala duku lakuda. Anachepa thupi. Ndinagwada chapatali, mawu onse omwe ndinakonza kuchokera ku Joni atathawa.

"Amayi, ndabwera."

Anandiyang'ana, n'kukankhira lichero pambali. "Ukugwada kutali ngati mlendo bwanji? Bwera kuno."

Tinalira pamodzi mpaka anansi anasonkhana n'kutithandiza kulira, monga mwa mwambo wake. Pambuyo pake a Yohane, amene anali atadziwitsa kale eni mudzi, anatitsogolera kumanda. Mtumbira unali wosesedwa bwino, miyala yoyera itandandalikidwa mowongoka m'mbali mwake. A Yohane anati anzawo a bambo opuma usilikali ndiwo anaiika, ndipo anakangana theka la tsiku za mzere wake.

Pobwerera ndinatsalira m'mbuyo ndi amayi.

"Mundikhululukire. Ndinayenera kubwera."

"Ndani anakuuza kuti unalakwa?"

"Simunkandiyankhula pafoni."

Amayi anaima panjira. "Bambo ako ali m'chipatala ananena okha kuti, 'Lusiya musamuvutitse. Msilikali sachoka pamalo pake asanabwere womulandira. Adzabwera tchuthi chikadzakwana.' Za foniyo, mwana wanga, iwe ukamayankhula umakoka mawu ngati iwo. Ndikangomva 'Halo' wako, ndinkayamba kulira. Ndikanayankhula bwanji?"

Tinayambanso kuyenda. Kenaka amayi anati, "Komatu akanakuona wafika 2 koloko chonsecho unawoloka malire m'mawa, ukananyamula mtengo wekha."

Ndinakhala kumudzi masabata awiri. Miyezi isanu yonse ija ndinkadziweruza ndekha pa mlandu womwe mwini wake anali atauthetsa kale asanatseke maso. Ndinapita ndi mawu opepesa, koma kulikonse komwe ndinaima anthu ankafuna kundiuza za bambo anga, ndipo ntchito yanga inali kungomvetsera. Tsiku lobwerera, amayi anandiperekeza mpaka pamlatho uja. Anandikonza kolala ya bulauzi, n'kunena kuti, "Ukafika uimbe. Ulendo uno ndiyankha ndine."