Yunifolomu Imene Sinasuluke

Nkhaniyi ndikulembera inu makolo amene mutu ukukuwawani ndi za sukulu ya mwana, komanso inu ana amene munagwapo pa mayeso n'kuona ngati zanu zathera pomwepo.

Tsiku limene mtsikana wina anabwerera kuchokera kwa azakhali ake, mayi ake anali pakhonde la golosale pomwe ankasokera zovala. Zotsatira za mayeso omaliza a pulayimale zinali zitatuluka, ndipo dzina la mwana wawo panalibe. Mwanayo anafika ndi kachikwama kamodzi, n'kupereka moni ali chapatali ngati mlendo. Uthenga wa azakhali unali utatsogola kale pafoni: mwanayu ndi waulesi, sukulu siimulowa, ife tayesetsa.

Mayiyo sanakalipe. Atafika kunyumba anatenga chikwamacho n'kuyamba kutulutsa zovala kuti achape. Madiresi ovala pakhomo anali othetheka m'mawondo, kumsana atapyapyala pamene pamakhala khanda lobereka. Pansi penipeni panali yunifolomu. Anaisoka yekha zaka ziwiri m'mbuyomo, n'kusiya mpendero waukulu kuti mwana akamatalika azingomasula. Mpenderowo unali chisokere. Kolala inali isanasuluke, m'khwapa munalibe mzere wa thukuta, ngakhale thumba linali lisanabooledwepo ndi cholembera. Telala aliyense amadziwa mmene yunifolomu imaonekera ikavalidwa zaka ziwiri. Iyi inali yongovalidwa mwa apo ndi apo.

"Kodi iwe, kusukulu unkapita?"

"Ndinkapita, amayi. Masiku amene azakhali sanapite ku ntchito."

Mayiyo anakhala pansi yunifolomu ili pamiyendo, ndipo sanachape tsiku limenelo. Chimene chinamulasa mtima kwambiri n'chakuti nzeru yotumiza mwanayo kwa azakhali inali yake.

Zinayamba chonchi. Mtsikanayo ankaphunzira pa sukulu ya boma ya m'dera mwawo, yodontha denga, ana okhala pansi mothinana, buku limodzi mitu yambirimbiri. Bambo ake, amene ankakonza njinga zamoto, ankanena kuti mphunzitsi akangomaliza kuitana maina a ana onse, belu loweruka limalira. Iwo ankafuna sukulu yolipira ija ya mpanda wa njerwa, ndipo ankati makina osokera agulitsidwe. Mayiyo ankawafunsa kuti akagulitsa makina pa temu yoyamba, pa temu yachiwiri adzagulitsa ndani. Anakambiranaponso zosamukira kutsidya lina la tauni, kumene kunali sukulu ya boma yotchuka ndi kukhozetsa ana, koma makasitomala a bambowo sakanakankha njinga zakufa mtunda wonsewo kuwatsatira.

Anakangana miyezi. Kenako mayiyo anakumbukira kuti alamu ake, mlongo wawo wa bambowo, amakhala moyang'anana ndi sukulu yotchukayo. Alamuwo anavomera msangamsanga. Anali atangobereka mapasa, ndipo palibe amene anadzifunsa chifukwa chake anavomera mosavuta chonchi.

Mayiyo ankakamuona mwana Lamlungu lokhalokha, ataimbiratu foni. Ankamupeza atasamba, atavala bwino, akumwetulira. Pa holide azakhali ankati ali ndi makalasi apadera. Pobwerera mayiyo ankawauza anzake a pakhonde kuti wake uja ali pa sukulu yeniyeni.

Tsopano mwana anali pakhomo, koma sukulu anaikana. Ankadzuka m'mamawa kusesa, kutsuka mbale, kukolopa, palibe womutuma. Akamutchulira zobwereza kalasi ankangoti alibe mutu wa sukulu, ndipo ankanena mofatsa ngati munthu amene anauzidwa zimenezi kambirimbiri mpaka anazikhulupirira.

Bambo ake, manyazi ndi mkwiyo zitawagwira, anabwerera ku mfundo yawo yakale: makina agulitsidwe, mwana apite ku sukulu yolipira yogonera konko, akayambe moyo watsopano kumene palibe womudziwa.

"Bambo ake, sukulu yabwino tinaifuna kale," anatero mayiyo. "Panopa ndikufuna sukulu yoti ndizimuona polowa ndi potuluka."

Sukulu yotero inalipo imodzi yokha, yomwe ija anainyoza. Ndipo pochotsapo mwana, bambowo anali atalankhula mawu olemera pamaso pa mphunzitsi wa kalasi lake, mayi wachikulire amene ana ankamutcha Aphunzitsi a Ambulera chifukwa nyengo ya mvula ankalemba pabolodi atafunda ambulera. Bambowo anati iwo sangapondekonso. Mayiyo anapita yekha.

Aphunzitsi a Ambulera anamvetsera nkhani yonse osadula mawu, ndipo zakale sanazikumbe. Koma sanamunamizenso. Anamuuza kuti denga ndi lomwe lija, mabuku ndi omwe aja, ana ndiye achita kuwonjezekera.

"Mayi, ine maso ndili nawo awiri, ana ndi awa mukuwaonawa. Mukandibwereka anuwo, mwina tingamudzutse."

Sabata yomweyo mayiyo anasamutsa makina ake. Anasiya khonde la golosale la pamsewu waukulu, pomwe pankabwera osoketsa masuti ndi madiresi a ukwati, n'kukapempha malo pakhonde la ometa tsitsi moyang'anana ndi geti la sukulu. Kumeneko ntchito inali ya zigamba, mabatani ndi mazipi a zikwama za ana. Anzake anamuseka kuti watsika giredi. Pakhomo ndiwo zinachepa, ndipo bambowo anakhala masiku osalankhula bwino.

Mtsikanayo anavomera kubwerera atamva kuti makina asamuka. Anati sangawasiye mayi ake kukhala pageti popanda mwana woti azimudikira.

Sizinali zophweka. M'kalasi anali wamtali kuposa onse, ndipo tiana tinkamutcha agogo. Tsiku lina anatuluka pa nthawi yopuma akulira, chikwama chili m'manja. Mayi ake anaimitsa makina. Anamukhazika pa benchi, n'kumupatsa ulusi kuti alowetse mu singano, ndipo misozi itauma anamuperekeza mpaka pakhomo la kalasi. Zimenezi zinachitika kangapo chaka chimenecho.

Akaweruka ankakhala pambali pa makina n'kumawerenga mokweza zimene aphunzira. Mayiyo sukulu sanapite nayo patali, Chingerezi sankachimva, koma khutu lake linazolowera kumva makina akalumpha ulusi. Mawu a mwana akakhokhoma penapake, ankaimitsa phazi n'kumuuza kuti abwereze pamenepo. Pakakanika ndithu, ankaikapo kachidutswa ka nsalu m'buku kuti mawa akafunse. Aphunzitsi a Ambulera anafika pozolowera buku lotuluka tinsanza m'mbali, ndipo ankayamba kufotokoza pomwepo.

Bambo ake anayamba kudzera pakhondepo madzulo, manja ali bii ndi oilo, ati kudzaona ngati makina akufuna mafuta. Ankakhala mpaka mwana atamaliza masamu. Mvula itayandikira, anapezeka pamwamba pa kalasi lija ndi makolo ena akumata malata. Umo ndi mmene anapepesera, pakamwa sanatchulepo.

Chaka chimenecho mtsikanayo anakhoza, ngakhale sanakhoze mwapamwamba. Anapita ku sekondale ya boma yoyendera, ndipo nako anali wamkulu pa anzake. Anapirira, anamaliza, analowa sukulu ya unamwino pa ulendo wachiwiri wofunsira. Lero ndi namwino m'chipinda cha ana odwala, ndipo azimayi amamuyamikira kuti khanda lolira likafika m'manja mwake limatonthola. Mayi ake akamva zimenezi amamwetulira pang'ono n'kuyang'ana pansi, chifukwa amadziwa kumene manja amenewo anaphunzirira.

Panali funso limene mayiyo analisunga zaka zonsezo. Analifunsa masana ena namwinoyo atabwera kudzacheza, atakhala pa benchi akuthandiza kumasula mpendero wa thalauza la kasitomala.

"Mwana wanga, masiku aja ndinkabwera kwa azakhali ako, unalekeranji kundinong'oneza?"

Namwinoyo anayankha maso ali pa ulusi.

"Munkafika muli osangalala kwambiri, amayi, kuti ndili pa sukulu yabwino. Ndinkaona kuti ndikanena ndikulandani chimwemwecho."

Mayiyo anasendera pafupi. Anangogwira dzanja la mwana wake, lumo ndi ulusi zili momwemo, n'kukhala choncho mpaka kasitomala anabwera kudzafunsa thalauza lake.

Zaka ziwiri zija sizinabwerere, ndipo mayiyo mpaka lero amaziwerenga ngati zotayika ndi manja ake. Koma mwana anamaliza sukulu.

Inu makolo, funirani ana anu sukulu yabwino, palibe cholakwika. Kaya musamuka, kaya mulipira, kaya mukhala pomwe mulipo, musalole kuti mbiri ya sukulu ikutsekeni maso. Muzimufunsa mwanayo ali yekha, ndipo muzidikira yankho lachiwiri, chifukwa loyamba amakupatsani lokusangalatsani. Ngati munalakwitsa kale monga mayi uyu, lirani, koma mukatha nyamulani chimene mungathe kunyamula muyandikire mwana wanu.

Ndipo iwe amene unagwa pa mayeso n'kuuzidwa kuti ulibe mutu, mawu amenewo ndi a munthu chabe. Bwerera ukakhale pakati pa tiana, tikuseke mmene tingathere. Mtima wokhawo usautaye.