Banga Limene Linakana a Useni

A Useni Kalilu anayamba udobi, ntchito yochapa ndi kusita zovala za anthu, pa Dwangwa fakitale ya shuga isanathe kumangidwa. Anabadwira ku Nkhotakota boma m'banja la osoka mikanjo, koma singano inawakana: akapatsidwa nsalu, maso awo ankathamangira pa litsiro kusiya msoko. Atamva kuti ku Dwangwa kukubwera makalaliki ovala zoyera m'dziko la matope ndi mwaye wa nzimbe, ananyamula simbi yawo yamakala n'kukwera lole.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali migolo yodula pakati, mwala wochapira, ndi thabwa la mabotolo limene mkazi wawo, mayi Rahila, sankaloledwa ngakhale kulipukuta. Chiphunzitso chawo chinali chimodzi, ndipo aliyense wobweretsa chovala ankachimva, afune asafune. Ankati banga silichoka ndi ukali wa manja, limachoka likapeza m'bale wake woti lisungunukiremo. Thukuta ndi madzi a nzimbe, m'bale wake ndi madzi wamba, ofunda akhale bwino. Girizi wa pa ovololo sapatsana moni ndi madzi, koma akaona palafini amanyamuka yekha. Dzimbiri limafuna ndimu ndi mchere. Magazi amafuna madzi ozizira, chifukwa otentha amawaphika n'kuwakhazika mpaka kalekale.

Pa Dwangwa ponse ankadziwika kuti ndi munthu amene banga silinamugonjetsepo, ndipo dzina limeneli ankalisamala kuposa simbi. Zoona zake n'zakuti ankadziwanso kusankha adani. Munthu akabwera ndi chovala chodontha utomoni wa nthochi, a Useni ankachitembenuza, n'kupumira m'mwamba, n'kunena kuti sabata imeneyo ntchito yawachulukira.

Kenaka kunabwera matipate. Chisankho cha 1994 chikuyandikira, m'derali munkayendayenda galimoto ya chimkuzamawu yophunzitsa anthu kavotedwe. M'menemo munkakhala a Raston Chimwaza, munthu wa ofesi ku boma, wa shati yoyera ndi mabolopeni atatu pathumba. Ntchito yawo inali yovuta pa mfundo imodzi. Mphekesera inali itafala kuti inki yoviika chala imachoka, ndiye wochenjera akhoza kuvota pa Dwangwa m'mawa, n'kusamba, n'kukavotanso ku Ngala masana. A Raston anayamba kuyenda ndi kabotolo ka inkiyo m'thumba, n'kumakaonetsa anthu pa msika uku akulumbira kuti palibe pansi pano chimene chingaichotse.

Msewu wa ku Dwambazi sunalemekeze boma. Galimoto inagwa m'dzenje, chitsekero cha kabotolo kaja chinasuntha, ndipo tsiku lomwelo masana a Raston anatulukira kwa a Useni atavala jekete pa dzuwa loswa mtengo, shati ili m'nyuzipepala.

A Useni anaitambasula. Pathumba panali banga lofiirira, lalikulu ngati chikhatho cha mwana.

"Bwana, si inu munatiuza pa msika kuti inki imeneyi sichoka?"

"Pa chala, bambo Useni. Za shati boma silinanenepo kanthu."

"Nanga ikachoka?"

A Raston anayang'ana kumsewu. "Ikachoka, yachoka mwachinsinsi. Shatiyi anandigulira apongozi ku Joni."

Apa panali poti a Useni anene kuti ntchito yawachulukira. Mayi Rahila, amene ankasankha mpunga pakhonde, anakhosomola ndithu kuwakumbutsa. Koma banga la boma linali lisanabwerepo pa mwala wawo, ndipo manja anawayabwa.

"Mubwere Loweruka," anatero.

Chinsinsi pa Dwangwa sichikhala nthawi, makamaka chingwe choyanikira chikayang'ana msewu. Mawa lake a Sailesi, okonza njinga pafupi pomwepo, anali atatsamira kale mpanda.

"Achimwene, ikachoka mundiuze ine poyamba. Zala ndili nazo khumi, ndipo zipani zonse zandilonjeza."

"Inu konzani mapanchala."

"Ikakanika musadandaule, tizingokuitanani kuti a Useni basi."

Mawu amenewo anawalasa. Anayamba ndi madzi ozizira ndi sopo, monga mwa ulemu. Banga silinayankhe. Anathira palafini, linangonunkha. Ndimu ndi mchere zinadutsapo ngati alendo osochera. Atatsitsa botolo la sipiriti, limene ankaliitana pa milandu ya bolopeni yokha, zinthu zinasuntha: kufiirira kunayamba kusungunuka n'kulowa m'kansalu kamene anayala pansi pake. Anasintha kansalu, anathiranso, mpaka panatsala kamthunzi kotuwa. Kamthunziko anakaviika mu jiki wosungunula, ndipo shati inatuluka yoyera ngati mkanjo wa pa Idi.

A Useni anaifinya. Anangoikung'untha kawiri, mwamphamvu kuposa mmene kunafunikira, kuti a Sailesi adzutse mutu, n'kuiyanika pa chingwe. Dzuwa linali mnzawo wakale. Zaka zonsezi ndi limene linkamalizitsa zoyera zawo. Anapita ku mzikiti, popeza linali Lachisanu.

Pobwerera anapeza anthu ataima pa mpanda ngati akuonera maliro a munthu amene sanali m'bale wawo. Banga linali litabwerera pamalo pake penipeni, m'mphepete mwake momwemo, koma tsopano lakuda bii.

"Lapita kukavala jekete n'kubweranso," anatero a Sailesi.

A Useni anayesanso. Anaviika, linazimiririka, anayanika, linadzuka. Anazindikira kuti m'inkimo munali zinthu ziwiri. China chinali utoto wamba, umene unapita ndi sipiriti. Chinacho chinali chitagwirana ndi ulusi, sichimasungunuka m'kanthu kalikonse ka pa thabwa lawo, chimangobisala kudikira dzuwa.

"Bambo," anatero mayi Rahila, "muiyanike m'nyumba, mukawapatse a Raston ili yoyera. Likadzuka, lidzukira kwa iwo."

A Useni analingalira. Nzeruyo inali yabwino, ndipo dzina lawo likanapulumuka mpaka a Raston atafika pa msewu. Koma anthu a pa mpanda anali ataona kale. Anaisita shatiyo bwinobwino, kolala ndi mikono, banga lili pomwepo, n'kuipinda.

Loweruka anaipereka ndi manja awiri. "Bwana, yandikana."

A Raston anayang'ana bangalo nthawi yaitali. Nkhope yawo inayamba ndi chisoni cha apongozi, kenaka inasintha pang'onopang'ono n'kukhala nkhope ya ofesi.

Lolemba a Useni ali pa mwala anamva chimkuzamawu chikuchokera ku msika. "Abale ndi alongo, onani shati iyi. Inapita kwa a Useni Kalilu, amene nonse mukuwadziwa. Palafini anathira. Ndimu anathira. Jiki anathira. A Useni alephera." Galimoto inapitirira nawo uthengawo ku Ngala, ku Dwambazi, ndi m'makomboni onse a esiteti. Mphekesera ya kuvota kawiri inafera pomwepo. Zikalata za boma anthu ankazikayikira, koma kulephera kwa a Useni anakukhulupirira.

Iwo anapitiriza kuchapa. Poyamba ankadutsa pa msika atazolika. Koma anaona kuti zovala zikubwera kuchokera kutali kumene dzina lawo linali lisanafikeko, ndipo obweretsawo ankafunsa kuti ali kuti dobi uja anayesedwa ndi boma. Pa Dwangwa anayamba kunena kuti banga limene linawagonjetsa ndi limodzi lokha, ndipo linachita kuitanitsidwa kunja. A Useni anapeza kuti dzina limeneli likhoza kuvalidwa.

Tsiku la chisankho anaviika chala ngati wina aliyense. Masana mayi Rahila anawapeza kuseri, chala chili m'chibanthu cha ndimu.

"Mwayambanso?"

"Ndikungoona."

Banga la pa chikhadabo linatsika lokha ndi kukula kwa chikhadabocho, mpaka analiwenga ndi lezala. A Sailesi atawauza kuti tsopano inki yachoka, a Useni anakana. Anati kumeneko si kuchoka, n'kusamuka chabe, ndipo iwo salandira ulemu pa ntchito imene sanagwire.